UTA WOPANDA NSINGA

M'mudzi wina wa kufupi ndi Katete munali mnyamata amene anthu analikumtama cifukwa ca kudziwa Cingerezi. Anali m'kalasi lomaliza la sukulu ya pulaimale, ndipo pa mayeso panalibe mnzace womposa. Masiku amenewo mafoni anali asanafike m'mudzimo, cotero mau onse ocokera ku migodi kapena ku Lusaka analikubwera pa pepala. Kalata ikafika ya Cinyanja, analipo ambiri otha kuiwerenga, koma ikafika ya Cingerezi, akulu analikuti, “Kaitaneni mwana uja.” Iye analikubwera, napatsidwa kampando kamene ana anzace sakhalapo, nayamba kumasulira molimba mtima monga mlembi wa ku boma.

Kunena zoona, kawiri kawiri analikumasulira bwino. Koma anali ndi cizolowezi cimodzi cimene cipezeka mwa ana ocenjera ambiri: akakomana ndi liu lacilendo, sanafune kubvomera kuti salidziwa. Analikungoliyang'ana nkhope, nakumbukira liu lina lofanana nalo, nati mumtima mwace, “Awa ndi a pa cibale.” Ndipo popeza njira imeneyi inamthandiza nthawi zambiri, iye anaikhulupirira kopitirira muyeso.

Mnyamatayo analikukhala ndi agogo ace. Atsibweni ace, mwana wamwamuna mmodzi yekha wa agogowo, analikugwira nchito ku Kitwe, ndipo mbiri inali itamveka kuti adwala cifuwa cacikulu, nagonekedwa m'cipatala. Agogo aakazi anagulitsa nshawa zao, namanga ndalamazo pa kansalu, kuti akangomva mau ena akwere basi kukaona mwana wao. Ulendo wa ku Kitwe suli wa masewera. Munthu ayenera kuyamba wafika ku Lusaka, ndi pamenepo kukwera basi yina yopita kumpoto. Ndipo ndalama za pa kansalu zija zinali zomwezo zimene zikadagula fetereza wa m'munda wa cimanga, pakuti mvula inali pafupi.

Tsiku lina m'mwezi wa Okutobala, dzuwa liri pamutu, munthu wina wocokera ku migodi anasiya kalata pa khomo. Sanailembe atsibweni aja ai. Anailemba mkulu wina woyandikana nao nyumba, munthu wa ku Mongu, amene analankhula Cilozi ndi Cibemba, koma Cinyanja sanacidziwe bwino. Cifukwa cace analemba m'Cingerezi, monga acitira anthu ambiri m'Zambia akasiyana zinenero. Mkuluyo anali atagwira nchito ya ukalaliki zaka zambiri, ndipo anakonda mau akulu akulu a m'mabuku. Atapereka moni ndi kunena dzina lace, analemba mzere uwu:

“The treatment has enervated him, and he now stays at home.”

Mnyamata anadziwa kuti treatment ndiwo mankhwala a ku cipatala. Anadziwanso kuti stays at home ndiko kukhala ku nyumba. Liu la pakati lokha ndilo linali lacilendo. Analiyang'ana, naona kuti liyamba ndi zilembo zinai, e, n, e, r, zomwezo zimene ziyamba liu lakuti energy. Ndipo energy analidziwa bwino, pakuti anaphunzira m'phunziro la sayansi kuti ndiyo mphamvu. Sanazengereze.

“Agogo,” anatero, “kalata ikuti mankhwala awapatsa mphamvu atsibweni, ndipo tsopano atuluka m'cipatala, ali ku nyumba.”

Agogo aakazi analiza nthungululu, naomba m'manja, nati, “Amuna anga, mwandiuza mau okoma lero. Mtima wanga wakhala pansi.” Pakuti motero ndimo nkhalamba ichulira mdzukulu wace wamwamuna pa nthabwala. M'mawa mwace ndalama za pa kansalu zinapita ku sitolo, ndipo matumba a fetereza anabwera pa ngolo.

Patapita masiku anai, aphunzitsi anauza ana kuti alembe cimangirizo ca Cingerezi conena za zakudya. Mnyamata anaona kuti mwai wafika woonetsa liu lace latsopano, nalemba ndi zilembo zosamalika bwino kuti, “Nsima enervates the farmer.” Aphunzitsi atafika pa mzere umenewo anaseka, namuitana.

“Kodi kwanu mumadyeranji nsima, ngati icita zoterezi?”

“Ipatsa mphamvu, aphunzitsi.”

“Nanga apa walembapo ciani?”

Anatsitsa buku lalikulu lomasulira mau limene linalikukhala pamwamba pa kabati, natsegula pa cilembo E, namuuza kuti awerenge yekha. Mnyamata anaika cala pa liulo, nawerenga kamodzi, nawerenganso kaciwiri. Bukulo linanena kuti enervate ndiko kufooketsa, kulanda mphamvu, kulefula thupi kapena mtima. Ana anzace analikuseka za nsima ija, koma iye sanamve kuseka kwao. M'maso mwace analikuona matumba a fetereza ataunjikidwa m'nyumba ya agogo ace.

Aphunzitsi, poona kuti nkhope yace yagwa koposa muyeso wa colakwa cacing'ono cotere, anamtengera pa khonde, namfunsa kumene analitola liulo. Atamva zonse, sanasekenso. Anamfotokozera mwacidule kumene liulo linacokera, nati, “Usadikire belu, mwana wanga. Pita tsopano lino, ukawauze agogo ako zimene kalata inena.”

Kucokera ku sukulu kufika ku mudzi unali mtunda wa ola lathunthu, ndipo tsikulo unamtalikira. Pamene iye alikuyenda m'fumbi lotentha, nkoyenera kuliyang'anitsitsa liu limene linampusitsa, pakuti mbiri yace ndi yaitali koposa zimene aphunzitsi anatha kunena pa khonde paja.

Enervate ndi mneni, ndipo pa kulichula mau agwera pa mbali yoyamba, “en.” Silinena za munthu amene angofooka yekha, linena za cinthu cimene cimfooketsa. Matenda, kutentha, njala kapena ulesi ndizo zicita nchitoyo. Munthu amene zamcitira cotero ali enervated, ndipo cinthu cofooketsaco ciri enervating. Sikuli kutopa kwa mwana amene wasewera mpira, pakuti ameneyo Angerezi amti ali tired, ndipo kutopa kwace kumatha ndi nsima ndi tulo. Liripo liu lina, exhausted, limene muzu wace unena za kutunga madzi m'citsime kufikira atatha. Ameneyo ndiye munthu amene walima tsiku lonse, natunga mphamvu zace zonse. Koma citsime cace cidzadzalanso usiku. Enervated ndi kufooka kwa mtundu wina. Kumabwera pang'ono pang'ono, kawiri kawiri popanda nchito iri yonse, ndipo pamodzi ndi mphamvu kumalanda mtima womwe wofuna kudzuka. Ali yense amene anakhalapo ku cigwa ca Luangwa m'mwezi wa Okutobala akudziwa kufooka kumeneku: munthu wagona usiku wonse, wadya, sanagwire khasu, koma pofika masana angakhale kupirikitsa nchenche kumamlemera.

Cinyanja nacenso ciri ndi mau ambiri a kutha mphamvu, ndipo sali amodzi. Tsamba la dzungu lifota pa dzuwa, cingwe cosamangika bwino cilobodoka, wodwala afooka, womva mbiri yoipa alefuka, nati nkhongono zamthera. Pa mau onsewa, kulefula ndiko kuyandikira kwambiri kwa enervate, pakuti kugwira thupi ndi mtima womwe. Koma kulefula ndi liu la pa bwalo ndi la pa citsime, limene mwana ali yense alimva. Enervate sindilo lotero. Angerezi salichula kawiri kawiri pa msika kapena pa masewera. Ndi liu la m'mabuku ndi m'manyuzipepala, ndipo ndico cifukwa cace mkulu wa ku Mongu uja analikonda. Mkuluyo anacita cifundo cacikulu polemba kalata; koma akadalemba liu wamba lakuti weakened, limene ana a sukulu alidziwa, cifundo cace cikadafika msanga ndi masiku anai. Wolembera nkhalamba za ku mudzi za mwana wao wodwala sayenera kubvala suti ya mau.

Liuli silinabadwire ku England. Linalowa m'Cingerezi cakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1600, nthawi imene anthu ophunzira analikubwereka mau ambiri ku Cilatini, cinenero ca Aroma akale. M'Cilatini linali enervare, ndipo liri ndi zigawo ziwiri. Cigawo coyamba ndi cilembo cimodzi cokha, “e,” cimene m'mau ena cilembedwa “ex,” ndipo citanthauza kunja kapena kucotsa. Ndico comweco ciri m'liu lakuti exit, lolembedwa pa makomo otulukira. Cigawo caciwiri ndi nervus, ndiwo mtsempha. Tsono enervare kunali kudula kapena kucotsa mitsempha.

Kuti munthu amvetse kuopsa kwa mau amenewa, agwire kumbuyo kwa mwendo wace, pamwamba pa citendene. Pamenepo pali mtsempha wolimba ngati cingwe, umene umangirira mnofu wa katumba ku pfupa. Mnofu ungakhale waukulu cotani, ukoka pfupa ndi cingwe cimeneco. Cingweco cikaduka, mnofu uli pomwepo, pfupa liri pomwepo, koma phazi silimveranso mwini wace. Samuel Baker, Mngerezi amene anayenda ku malire a Sudan ndi Ethiopia, anasimba m'buku lace la m'caka ca 1867 za alenje a mtundu wa Hamran, amene analikusaka njobvu ndi malupanga. Mmodzi analikuthamanga pa kavalo patsogolo pa njobvu kuti imtsate. Wina analikudzera kumbuyo, nalumphira pansi, natema mtsempha wa mwendo wa kumbuyo. Cinyama cacikuluco, minyanga yace iri pomwepo, citamba cace ciri camoyo, cinalikungoima osatha kusuntha. Ndico cithunzi cimene cibisala m'liuli: thupi lathunthu, looneka bwino kunja, koma cingwe cace cadulidwa.

M'Cinyanja liu limodzi lakuti mtsempha lichula zinthu zitatu: cingwe colimba ca pa citendene, njira zoyendamo mwazi, ndi tiulusi toyera timene titenga mau kucokera ku bongo kupita ku ziwalo zonse. Aroma ndi Agriki akale naonso anaphatikiza ziwiri za izi pa dzina limodzi. Nervus wa Aroma, ndi neuron wa Agriki, anali cingwe ca pa citendene, analinso kaulusi kotenga mau. Ndipo popeza analikupota nsinga za mauta ao ndi mitsempha ya nyama, nsinga ya uta nayonso inachedwa ndi dzina lomwelo. Amene anayamba kulekanitsa bwino zinthuzi ndiye sing'anga Herophilus, amene anagwira nchito ku Alexandria m'dziko la Egypt zaka ngati 300 Kristu asanabadwe. Iye anatumbula mitembo, natsata tiulusi toyera tija, napeza kuti ticokera ku bongo ndi m'kati mwa msana. Pambuyo pace sing'anga wina, Galen, amene anafika ku Rome m'caka ca 162 A.D., anaonetsa nchito ya tiulusiti pamaso pa anthu. Analikugwira nkhumba yamoyo, imene inalikulira monga zilirira nkhumba zonse zikagwidwa, namanga kapena kudula kaulusi kena ka m'khosi mwace. Pomwepo nkhumbayo inalikukhala cete, ingakhale inalikupumabe ndi kuphupha. Inali nchito yankhanza ndithu, koma oonerera anaphunzira kuti kanthu koonda ngati ulusi kangathe kulamulira mau a nyama yonse.

M'kupita kwa zaka mazana ambiri, liu la Cingerezi lakuti nerve linasiya cingwe ca pa citendene, nilitsalira tiulusi tija. Mbale wace wina, nervous, ndiye anatembenuka kotheratu. Poyamba munthu wochedwa nervous anali munthu wa mitsempha yolimba, wamphamvu. Ndipo Samuel Johnson, m'buku lace lalikulu lomasulira mau la m'caka ca 1755, anaika tanthauzo limeneli patsogolo. Lero munthu wa nervous ndiye wamantha, wonjenjemera poyembekeza mayeso. Koma enervate sanasunthe. Akali kunena za nyama ija yotemedwa mwendo.

Aroma eni ace sanacedwe kulicotsa liuli pa miyendo ya nyama ndi kuliika pa mitima ya anthu. Wolemba mbiri wao, Livy, analigwiritsa nchito posimba za Hannibal, kazembe wa nkhondo wa ku Carthage, mzinda umene unali kumpoto kwa Africa, m'dziko limene lero lichedwa Tunisia. M'caka ca 218 B.C. Hannibal anadutsa mapiri a Alps ndi asilikari ace ndi njobvu, nalowa m'Italy, ndipo m'caka ca 216 B.C. anagonjetsa Aroma koopsa pa malo ochedwa Cannae. Asilikari ace anali atapirira cisanu, njala ndi mikondo. Koma nyengo yozizira yotsatira anakaigonera mu mzinda wolemera wa Capua, ndipo Livy anena kuti kumeneko tulo tambiri, vinyo, maphwando, madzi osamba ofunda ndi kukhala cabe zinawadula mitsempha ya thupi ndi ya mtima. Odziwa mbiri ambiri a masiku ano sabvomereza zonsezi, pakuti Hannibal anakhalabe m'Italy akumenya nkhondo kufikira caka ca 203 B.C., ndipo gulu lodulidwa mitsempha silikadapirira zaka zonsezo. Livy anali Mroma, analemba patapita zaka ngati 200, ndipo cioneka kuti anafuna kucenjeza anthu a mtundu wace, amene analikukonda zokoma zomwezo. Komabe kufikira lero liuli liyenda ndi ganizo limenelo, lakuti mphamvu siithera pa nkhondo pokha. Ithanso kuthera pa mphasa.

Nanga energy, amene anasoceretsa mnyamata uja? Iye ndi wa mudzi wina. Sacokera ku Cilatini koma ku Cigriki, ndipo agawika pa malo ena: “en,” ndiko m'kati, ndi “ergon,” ndiyo nchito. Mwa energy, cilembo n ciri ca cigawo coyamba. Mwa enervate, n ndico ciyambi ca nervus. Liu limodzi linena za nchito imene iri m'kati, linzace linena za cingwe cocotsedwa. Zilembo zinai zija zinangokomana pa njira, monga alendo awiri osadziwana obvala malaya ofanana. Liriponso lina losokoneza koposa, innervate, limene madokotala achula ponena za mitsempha yolowa m'ciwalo ndi kucigwiritsa nchito. Pa kulimva ndi khutu lisiyana pang'ono cabe ndi enervate.

Ndipo mnyamatayo sali yekha pa colakwa cimeneci. Eni ace a Cingerezi alakwa pa liuli kawiri kawiri, kotero kuti mabuku ophunzitsa kalembedwe kabwino amacenjeza za ilo. Angakhale m'buku lacinai la nthano za Harry Potter, limene J. K. Rowling anatulutsa m'caka ca 2000, mau a matsenga otsitsimutsa munthu wokomoka anatengedwa ku liu lomweli. M'mabuku osindikizidwa pambuyo pace mauwo anasinthidwa kukhala Rennervate. Koma colakwa ca m'nthano cikonzedwa ndi osindikiza mabuku. Ca mnyamata uja cinafunika mwini wace.

Pa njira iye anaima kawiri. Anadziwa kuti m'mudzi monse munalibe wina wotha kuwerenga kalata ija, ndi kuti akakhala cete palibe adzadziwa. Mwina atsibweni akadacira okha. Ndipo mbiri yoipa ikadabwera, ndani akadakumbukira liu limodzi la pa pepala? Anaganizanso za kampando kaja, ndi za mau aja akuti, “Kaitaneni mwana uja.” Pa mtsinje wouma anakhala pansi kanthawi, akulemba lemba mu mcenga ndi kamtengo. Pambuyo pace ananyamuka.

Anafika pa mudzi dzuwa litapendeka. Anapeza agogo aamuna ali pa mthunzi wa mango alikusema mpini, ndi agogo aakazi alikusankha cimanga ca mbeu. Anagwada patali pang'ono, ndipo agogo aakazi anadabwa, pakuti mdzukulu sagwadira agogo ace motero masiku onse.

“Mwaweruka msanga lero, amuna anga. Kodi akuthamangitsani?”

“Iai, agogo. Ndinalakwa pa kalata ija. Siinena kuti atsibweni apeza mphamvu. Inena kuti afooka kwambiri.”

Panakhala cete. Agogo aakazi anaika licero pansi, nayang'ana ku khomo la nyumba kumene kunali matumba aja, osanena kanthu. Agogo aamuna ndiwo anafunsa, ndi mau ofatsa, kuti liulo linena ciani kweni kweni, pakuti kufooka kuli kwa mitundu mitundu. Mnyamata anabwereza zimene aphunzitsi anamuuza: kuti kale kale linali liu la kudula mitsempha, ndi kuti anthu amene analipanga analikuchula mtsempha ndi nsinga ya uta ndi dzina limodzi.

Nkhalambayo inanyamuka, nilowa m'nyumba, nitsitsa uta wace wakale umene unalikukhala ku tsindwi kuyambira masiku amene inaleka uzimba. Unali wakuda bii ndi mwaye. Mtengo wace unali wolimba cilimbire, wopanda mng'alu, koma nsinga inali itadyedwa ndi makoswe, nikutsala kacidutswa kokha kolendewera ku nsonga.

“Taona,” anatero. “Munthu ataupenya uli ku tsindwi angati uta ulimo m'nyumba muno. Koma tenga mubvi uponye.” Anaupereka kwa mnyamata, ndipo iye anaugwira ndi manja awiri, osadziwa cocita nao. “Atsibweni ako ali ku nyumba, inde. Koma ndani alikuwatungira madzi? Ndani alikuwaphikira? Safunsa anadya phula, mdzukulu wanga. Koma lero phulalo tidya tonse.”

Fetereza sabwezedwa ku sitolo. M'khola munali mbuzi ziwiri zimene anazisungira mnyamatayo, kuti akadzasankhidwa kupita ku sekondale zidzamgulire nsapato ndi bulangete. Madzulo omwewo zinagulitsidwa, ndipo wogulayo, poona kuti eni ace ali ndi cangu, anapereka mtengo wocepa. Mnyamata ndiye anagwira zingwe kukazipereka. Palibe anamuuza kuti atero.

M'banda kuca anaperekeza agogo aakazi ku mseu waukulu, atawasenzera kamtolo ka ufa ndi nsinjiro za nshawa zimene zinatsala. Basi isanafike, agogowo anamgwira pa phewa, nati, “Amuna anga, mukadabisa sindikadadziwa. Tsalani bwino. Muziwaphikira anzanu aja nsima, asagone ndi njala.”

Ku Kitwe anapeza mwana wao ali gone pa mphasa, woonda, wosatha kunyamula ndowa ya madzi. Anali atayamba kulumpha masiku ena osamwa mankhwala, poganiza kuti ndiwo alikummaliza. Ndipo ici cinali coopsa koposa kufooka komweko, pakuti mankhwala a cifuwa cacikulu ayenera kumwedwa miyezi 6 osalekeza, ndipo munthu akalekera pa njira matendawo amatha kubwerera obvuta koposa kale. Amai ace anamperekeza ku cipatala, kumene anamwino anamuyesa, namlangiza kuti apitirize kumwa ndi kudya bwino. Anamphikira phala la nsinjiro m'mawa uli wonse, nakhala pambali pace kufikira atameza mankhwala a tsikulo. Anakhala kumeneko miyezi iwiri. Kubzala ndi kupalira koyamba kunagwera mnyamata ndi agogo aamuna, ndipo fetereza uja anamthira okha. Atsibweniwo anacira, angakhale sanabwerere msanga ku nchito.

Mnyamata anasankhidwa, napita ku sekondale ndi nsapato zace zakale, zosokedwa ndi waya. Atatsala masiku ocepa kuti acoke, kalata yina ya Cingerezi inafika kwa mai wina wa m'mudzimo, yocokera ku Livingstone, ndipo akulu anati, “Kaitaneni mwana uja.” Anakhala pa kampando kaja, namasulira mizere isanu mosadodoma. Pa mzere wacisanu ndi cimodzi anaima.

“Amai, liu ili sindilidziwa. Ndilembe pa pepala, mawa ndikafunse aphunzitsi ku nyumba kwao.”

Maiyo anapinda kalata yace mosakondwa, ndipo madzulo pa citsime anauza anzace kuti Cingerezi ca mwana uja cayamba kucepa.